Mwana akamakana nsima m'nyumba muli ufa

Nkhani ya lero ndi yaitali pang'ono, ndiye pezani pamthunzi mukhale pansi.

Kuno kwa Lundu, mukakumana ndi mnzanu amene munasiyana naye kalekale, moni wachiwiri amakhala wa thupi. "Ii, koma ndiye mwanenepatu, akukusungani bwino." Apo ayi mawu amatsika: "Bwanji mwatha chonchi, mukudwala?" Timangoyankhula ngati tikudandaula za kutentha kwa dzuwa. Kunenepa timakutenga ngati chizindikiro cha mtendere pabanja, ndipo chiyambire zaka za kaliwondewonde, kuwonda kumabwera ndi manong'onong'o. Ana athu amamva zonsezi. Madzulo akatenga foni amapeza kuti pa TikTok ndi pa Facebook akutama zina: mimba yophwa ngati thabwa, chiuno ngati cha mavu, koma mbina yaikulu. Ngakhale eni zithunzizo ambiri alibe thupi lotero, amachita kukonza ndi foni yomweyo. Mtsikana wa zaka 15 amapezeka pakati pa mawu a kumudzi ndi mawu a pa foni, ndipo ena mwa ana amenewa amayamba nkhondo ndi chakudya.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mutu. Mukuti, a nesi, ife amene tinadyapo nyika chaka cha njala, ife amene tinagona m'makalasi Freddy atatikokolera mapira ndi mbuzi mu Malichi 2023, tisanapume n'komwe ku namondwe Ana wa 2022, mungatiuze kuti alipo munthu wokana chakudya chilipo? Amenewo ndi matenda a azungu okhuta. Mawuwa ndimawamva kawirikawiri ndipo ndimamvetsa kumene amachokera. Koma tamvani zimene zinachitika ku Fiji, zilumba za kutali m'nyanja ya Pacific. Anthu a kumeneko ankaganiza ngati ife. Mkazi wokongola anali wojintcha, mlendo ankamuumiriza kudya, munthu akawonda abale ankada nkhawa. Mu 1995 wailesi yakanema inafika m'dera lina lotchedwa Nadroga. Dokotala wa ku Harvard, Anne Becker, anafunsa atsikana a sekondale chaka chomwecho, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Pofika 1998, atsikana 11 pa 100 aliwonse amene anafunsidwa anavomera kuti amatero. Zaka zitatu zokha. Kwa iwo inali TV ya pabalaza. Kwa ife kanemayo ali m'thumba la mwana, amagona naye pamphasa.

Mwa ana amene ndakumana nawo pa ntchito yanga ndikuuzani za mmodzi, ndipo zina ndasintha kuti asadziwike. Anali Fomu 3, ankakhala pa selofu ndi anzake pafupi ndi sukulu. Mayi ake anabwera naye atakomoka pamjigo. Munali mu Okutobala, mwezi umene kuno ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, koma mwanayo anali atavala juzi, manja ake ali zii ngati watuluka m'madzi. Mayiyo anali atayenda kale. Kwa asing'anga anawauza kuti ndi tsempho. Anansi ena ankati ndi mimba, ena ankati ndi kachilombo, ena ankaloza agogo a kuchimuna. Tinamuyeza mimba, HIV, chifuwa chachikulu, shuga, malungo, magazi. Kupatula kuchepa kwa magazi, zonse zinali bwino. Koma mtima unkagunda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kumwezi anali asanapiteko miyezi isanu.

Ndinapempha mayi kuti atidikire panja. Funso langa linali limodzi: ukadya umamva bwanji? Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndikadya mtanda umodzi ndimamva ngati ndachimwa." Nkhani inayamba ali Fomu 1, thupi litayamba kukula. Anyamata m'kalasi ankamutcha mvuu. Pamaliro ena azakhali ake anamutsina pamkono pamaso pa anthu n'kunena kuti iwe ndalama za fizi ukudyera mandasi. Anthu anaseka, azakhaliwo anaiwala tsiku lomwelo, iye sanaiwale. Anayamba ndi kusiya phala la m'mawa, kenako nkhomaliro, kenako mafuta m'ndiwo, mpaka anatsala ndi tiyi wopanda shuga ndi bango limodzi patsiku. Pa selofu palibe amene amawerenga mitanda ya mnzake. Pa holide ankaphikira banja lonse, n'kunena kuti iye wadyera kukhitchini. Mafupa a m'khosi anali poyera oti mungathiremo madzi, koma akayang'ana pagalasi ankaonabe mvuu ija.

Madokotala amawatcha matendawa kuti anorexia. Si matama, si kuderera chakudya cha makolo, ndipo mwanayo sakuchitira dala kuti akupsetseni mtima. Poyamba amasankhadi yekha kuchepetsa kudya, koma pakapita nthawi njalayo imasintha kaganizidwe. Kumbukirani mmene munthu amakhalira mu Febuluwale wa chaka choipa: sachedwa kupsa mtima, sagona, safuna kucheza, maganizo onse ali pa chakudya. Ubongo wanjala suweruza bwino. Ndiye mwana akamawonda, mantha a kunenepa m'malo mochepa amakula, ndipo mantha akakula amachepetsanso kudya. Payekha n'kovuta kutulukamo. Mwa matenda onse a maganizo, anorexia ali m'gulu la amene amapha kwambiri, ena chifukwa mtima wafooka n'kuima, ena chifukwa chodzipha.

Pali mtundu wina umene ndi wovuta kuugwira chifukwa mwanayo sawonda kwenikweni. Amadzimana tsiku lonse, njala ikamupweteka amadya zambiri nthawi imodzi mobisala, kenako manyazi amamugwira n'kupita kuseri kukadzilowetsa chala kukhosi, kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Umenewu ndi bulimia. Matiyi ambiri amene amagulitsidwa pa WhatsApp kuti ndi ophwetsa mimba ntchito yake ndi yomweyo, kutsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi, osati mafuta. Ndipo pamodzi ndi madziwo mumachoka mchere wina wa m'magazi wotchedwa potaziyamu, umene umathandiza mtima kugunda mwadongosolo. Ukachepa kwambiri, mtima ukhoza kusokonekera mwadzidzidzi mwa munthu amene dzulo lake amathamanga pa netibo. Mukaona mwana amene akangomaliza kudya amathamangira kuchimbudzi nthawi zonse, masaya atatupa m'munsi mwa makutu, mano akuyamba kudyeka, kukhosi kukumupweteka pafupipafupi, kapena ali ndi zipsera kuseri kwa zala, musangoti ndi njoka za m'mimba. Palinso ena amene amadya mosadziletsa mpaka mimba kupweteka, osasanza, n'kumadzida pambuyo pake. Amenewa timangowaseka kuti ndi adyera, pamene nawonso akuvutika. Ndipo anyamata sali kunja kwa nkhaniyi, kungoti iwo amabisa koposa.

Tsopano ndibwere kwa ife akuluakulu, chifukwa kuno vuto limene ndimaliona kwambiri ndi la mbali inayo. Mayi wowonda mwachibadwa, wathanzi bwinobwino, amalima, amabereka, koma watopa ndi kufunsidwa ngati akumwa ma ARV. Apongozi akuti mukuchititsa manyazi mwana wathu, anthu aziti sakudyetsani. Mwamuna wayamba kutama mkazi wa pa sitolo. Ndiye mnzake amamunong'oneza za timapilisi kapena botolo la manyuchi onenepetsa, ogula pamsika kapena kwa wina wobwera nazo kuchokera ku tauni. Zambiri mwa zimenezi, monga Apetamin, zili ndi mankhwala otchedwa cyproheptadine. Amenewa anapangidwira ziwengo ndi kuyabwa, kungoti amapatsanso njala ndi tulo. Munthu amadya n'kugona, amamva chizungulire, ndipo kwa ena chiwindi chimawonongeka. Oopsa koposa ndi dexamethasone, amene ena amasakaniza nawo. Ndi mankhwala amphamvu amene kuchipatala timawagwiritsa ntchito pa matenda akuluakulu, kwa masiku owerengeka. Mukawamwa miyezi, nkhope imazungulira ngati mwezi, mimba imakula, koma manja ndi miyendo zimawonda, khungu limapyapyala n'kuchita mizere, shuga ndi BP zimakwera, chitetezo cha m'thupi chimatsika. Anthu panjira akuti mwanenepa bwino, pamene thupi likutupa ndi madzi ndi mafuta osayenera. Ngati mwakhala mukumwa dexamethasone kwa milungu ingapo, musasiye lero lomwe mutawerenga izi. Kusiya mwadzidzidzi kukhoza kukugwetsani, BP kutsika mpaka kukomoka. Bwerani nawo kuchipatala, tikuchepetsereni pang'onopang'ono. Sitikukalipirani, ndipo ngati wina wakulankhulani mwachipongwe, funsani namwino wina.

Kwa ine mtsikana wodzimana uja ndi mayi wa mapilisiyu akudwala bala limodzi. Onse awiri anauzidwa kuti thupi lawo n'lolakwika, ndipo anakhulupirira. N'chifukwa chake chithandizo chake sichithera pa jakisoni kapena pa diripi.

Anthu akamva kuti uphungu amaganiza kuti ndi kukhala pampando wina n'kumakulalikira. Ayi. Wodwala ndi amene amayankhula kwambiri, mlangizi amafunsa ndi kumvetsera. Kwa munthu wamkulu, kapena mtsikana wodzisanzitsa, ntchito yoyamba ndi kubwezeretsa ndondomeko ya kudya: katatu patsiku, ndi kachakudya kena pakati, osadutsa maola anayi m'mimba muli mbee. Zimaoneka zachibwana koma ndiye msana wa chithandizo chonse, chifukwa chimene chimachititsa munthu kudya mopyola muyeso usiku ndi kudzimana kwa masana. Amalemba m'kope zimene wadya, nthawi yake, ndi zimene amaganiza pa nthawiyo. Sabata ikatha amawerenga limodzi ndi mlangizi, n'kuyamba kuona kuti tsiku limene anasanza ndi lomwe anakangana ndi chibwenzi, kapena lomwe anakhala ola lathunthu akuyang'ana zithunzi za ena. Kenako amayesa maganizo aja mmodzimmodzi ngati mmene timayesera dzira m'madzi. Ukuti ukadya nsima madzulo mawa udzuka utanenepa? Tiye tidye sabata ino, tidzaone pa sikelo Lachisanu. Sikelo kamodzi pa sabata, kuchipatala, osati tsiku lililonse. Galasi nalonso limapatsidwa malire. Zimatenga miyezi, kawirikawiri inayi kapena isanu, ndipo ambiri amasiya kusanza. Ngati pali matenda a nkhawa kapena kukhumudwa, dokotala akhoza kuwonjezera mankhwala monga fluoxetine. Koma piritsi lochiza anorexia palokha kulibe.

Kwa mwana amene akadali pakhomo pa makolo, njira imene yaonetsa kuthandiza kwambiri inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London zaka za m'ma 1980, ndipo ndimaikonda chifukwa ikugwirizana ndi moyo wathu. Kale madokotala ankaganiza kuti makolo ndiwo vuto, ankachotsa mwana pakhomo. Pa Maudsley anatembenuza: makolo ndiwo anamwino. Mayi ndi bambo, kapena agogo, kapena amalume, aliyense amene akulera, amatenga udindo wonse wa chakudya kwa kanthawi. Mayi ndiye amasankha chophika, ndiye amapakula, mwana salowa kukhitchini kukakambirana za mafuta. Ndipo wina amakhala naye pamphasa mpaka mbale ithe, ngakhale patadutsa ola, n'kukhalabe naye ola lina pambuyo pake kuti asapite kukasanza. Thupi likayamba kubwerera ndi maganizo kukhazikika, udindo uja amamubwezera pang'onopang'ono.

Apa mundimvetse bwino, chifukwa ena mumva ngati ndakupatsani chilolezo cha chikwapu. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Kumenya, kutukwana, kumutsina mphuno, kumuitanira anthu a mumpingo kuti adzamuone mmene wathera, zonsezi zimangomuphunzitsa kubisa bwino. Musamuuzenso kuti anzako ku Makhanga akugona ndi njala, iwe ukutaya nsima. Amadziwa, ndipo n'zimene zimamuwonjezera manyazi. Chofunika ndi kuuma mtima pa chakudya koma kufewa pa mwana. Mawu ake ndi ochepa: "Ndikudziwa kuti ukuopa. Ndili pompano. Tenga mbamu ina." Mubwereze mawu omwewo kakhumi ngati n'kofunika. Adzalira, adzakuuzani kuti mumamuda, mwina adzataya mbale. Mupakule ina. Muziona ngati mukulimbana ndi matenda amene akuyankhula kudzera pakamwa pa mwana wanu, monga mmene simukwiyira mwana wobwebweta ndi malungo. Ndipo musasenze nokha. Mayi wa mtsikana wa Fomu 3 uja ankasinthana ndi mchemwali wake: wina kudimba, wina pamphasa. Anamuchotsa pa selofu teremu imodzi, aphunzitsi aakulu atamva nkhani yonse anavomera. Miyezi iwiri yoyamba inali ya misozi yokhayokha. Kumwezi anabwererako patapita miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mayeso a Fomu 4 analemba mochedwa ndi chaka chimodzi. Mpaka pano ilipo masiku amene mawu aja amamubwerera, makamaka nthawi ya mavuto, koma tsopano amanena.

Chenjezo limodzi lalikulu. Mwana amene wakhala milungu akudya pang'ono kwambiri musayambe ndi kumudyetsa phwando. Amayi amene munagonapo ku NRU ndi mwana wonyentchera mukukumbukira kuti sitiyamba ndi chiponde. Timayamba ndi mkaka wopepuka uja wa F-75, pang'onopang'ono, usana ndi usiku, ndipo chiponde chimabwera pambuyo. Chifukwa chake n'chimodzimodzi. Thupi limene lazolowera njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, michere ya m'magazi imatsika mofulumira, miyendo imatupa, mtima ukhoza kulephera. Choncho wowonda kwambiri ayambire kuchipatala, ena amafunika kugonekedwa masiku oyambirira. Ndipo ngati wakomoka, mtima ukugunda modumphadumpha, akusanza magazi, akulephera kuimirira, wasiya ngakhale kumwa madzi, kapena wanenapo zoti bola kufa, musadikire kuti kuche. Pezani kabaza kapena njinga yamoto usiku womwewo. Zimene zili m'nyumba monga mankhwala a thonje ndi a makoswe muzichotse pafupi.

Zakudya zomubwezeretsa sizofuna ndalama za ku shopu. Phala la mgaiwa kapena la mapira lothira nsinjiro ndi kasupuni ka mafuta, nsima ndi mlamba kapena usipa, nyemba, khobwe, nandolo, dzira, chisoso kapena nkhwani zotendera, mbatata, nthochi, thobwa, mkaka ngati ulipo. Zomwe banja lonse likudya, iyenso adye zomwezo, pamodzi, osati mbale yakeyake kuchipinda.

Ndinene pang'ono za kusala kudya, popeza ambiri ndife opemphera. Sindikutsutsa kusala. Koma mwana wodwala matendawa amabisala mosavuta kuseri kwa pemphero, chifukwa palibe kholo limene lingaletse mwana kupemphera. Mukaona kuti masiku osala a mpingo atha koma iye akupitirizabe, akuwonjezera ake, ndipo thupi likutha, kambiranani ndi abusa kapena ashehe. Atsogoleri ambiri amadziwa kuti wodwala sakakamizidwa kusala, ndipo mawu ochokera kwa iwo mwana amawamva kuposa a namwino. Pempherani, koma kuchipatala mupitenso.

Kumene mungapite ndi uku. Yambani ndi chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kuti ayezedwe matenda ena amene amawondetsa. Kuwonda kwambiri kuno nthawi zambiri kumakhaladi TB, HIV, shuga, likodzo kapena kusowa kwa chakudya, ndipo zimenezi ziyenera kuyezedwa kaye. Zikapezeka kuti palibe, musabwerere kunyumba ndi mavitamini okha. Nenani mawu awa momveka: "Mwanayu akuopa kudya," kapena "amadzisanzitsa." Pamzere wa anthu 100 dokotala sangalote zimenezi mukapanda kunena. Pemphani kuti akutumizeni kwa woona za matenda a maganizo pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Zikavuta, iwo amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental. Dzina la Zomba lisakuopseni, kuonana ndi a zamaganizo sikutanthauza kuti mwana wapenga. Amene muli ndi abale ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kuli a St John of God amene amapereka uphungu. Pa foni mukhoza kuimba Chipatala Cha Pa Foni pa 54747, ndipo mwana amene akufuna kuyankhula ndi munthu payekha aimbe 116, makamaka ngati pali wina amene anamuchitira nkhanza kapena kumugwirira, chifukwa kwa ana ena kudana ndi thupi kumayambira pamenepo.

Akatswiri a matenda amenewa m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ulendo wokwera mapiri a ku Thabwa kupita ku Blantyre sabata iliyonse si wa aliyense. Koma uphungu sudikira dokotala wamkulu yekha. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa zipatala za mu Harare n'kumamvetsera anthu ovutika ndi maganizo, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti odwala nkhawa ndi kukhumudwa ankapezadi bwino. Ife tili ndi anankungwi, amayi a mvano, magulu a amayi a pa sukulu, mabanki a m'mudzi. Anankungwi makamaka, inu amene mumakhala ndi atsikana pa nthawi imene thupi likusintha: auzeni kuti mtsikana akamakula amayenera kuwonjezera mafuta m'chiuno ndi m'ntchafu, kuti ndi mmene thupi limakonzekerera, kuti ena mtundu wawo ndi wowonda ena wojintcha monga mmene ng'ombe za m'khola limodzi zimasiyanirana. Ndipo ife tonse tikakumana ndi mwana wa mnzathu pa holide, timufunse za sukulu, za agogo ake, za mpira, thupi lake tilisiye.

Amene mukubwera kuchipatala ndi mwana wotere, tengani buku lake la kuchipatala, ngakhale lakale, kuti tione mmene sikelo inkayendera. Tengani botolo, paketi ya tiyi kapena mapilisi alionse amene mwawapeza m'chikwama chake, ngakhale chizindikiro chitafufutika. Kumbukirani mwezi umene anapita kumwezi komaliza ngati mukudziwa. Panjira musamunamize kuti mukupita kumsika, muuzeni zoona kuti mukupita kukayezetsa mtima ndi magazi chifukwa mukuda nkhawa. Ndipo mukafika, namwino akakupemphani kuti mudikire panja pang'ono, musakhumudwe. Tikamaliza kucheza naye tidzakuitanani.